Zikomo nonse, PhD ija yatheka

Anamwino ndi azamba anzanga, abale, anansi ndi nonse ondifunira zabwino,

Nkhani imene mwamva ija ndi yoona. Akuluakulu a maphunziro avomereza kafukufuku wanga, ndipo digiri ya PhD yatheka. Mauthenga achuluka pa WhatsApp moti sindingathe kuyankha mmodzimmodzi, choncho ndiloleni ndithokoze pano pagulu. Ndifotokozekonso pang'ono zomwe ndakhala ndikuchita, chifukwa amalume anga auza kale mudzi wonse kuti ndiyamba kuchita maopaleshoni. Ayi ndithu amalume, ndikadali namwino ndiponso mphunzitsi wa anamwino.

Funso limene landisowetsa tulo zaka zonsezi ndi limodzi. Njira yatsopano yopulumutsira ana ikafika m'zipatala zathu, timaiyamba ndi mphamvu, timaphunzitsidwa ku hotela, timajambulitsa zithunzi. Nanga pulojekiti ikatha, magalimoto a bungwe akasiya kubwera, n'chiyani chimachititsa kuti njirayo ikhazikike pa chipatala china koma izilale pa china? Makolo anati mlendo ndi mame. Pulojekiti imabwera ndi ndalama za zaka zitatu kapena zisanu, pamene ana amabadwa usiku uliwonse.

Dziko lathu lili ndi mbiri yonyaditsa pa umoyo wa ana. Kafukufuku wa dziko lonse wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika pa kafukufuku wa 2015-16 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 63. Katemera, maneti oteteza ku udzudzu ndi tizipatala ta m'midzi ta alangizi a zaumoyo zinathandiza kwambiri. Koma makanda a m'mwezi woyamba anatsalira: 27 mwa 1,000 ankatisiyabe. Lipoti lina la 2012 linatiika patsogolo pa mayiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa ana 100 alionse. N'chifukwa chake ndinaika mtima pa nasale, wodi yosamaliramo makanda odwala ndi obadwa masiku asanakwane.

Ndinalondola njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kangaru, yoika mwana wochepa sikelo pachifuwa pa mayi, khungu kukhudza khungu, n'kumumangirira ndi chitenje. Inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno inafikira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Yachiwiri ndi makina a Pumani, othandiza mwana amene mapapo ake sanakhwime. Makinawa amakankhira mpweya m'mphuno mwa mwana pang'onopang'ono kuti timatumba ta m'mapapo tisaphwe, ndipo mphamvu ya mpweyawo imayezedwa ndi madzi a m'botolo amene amaoneka akubwata. Anapangidwa mogwirizana ndi a Rice University a ku America, madokotala ndi anamwino a pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre ndi a College of Medicine, ndipo oyambirira ankagwiritsa ntchito mapampu a m'timathanki towetera nsomba. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2014 zinasonyeza kuti mwa makanda 100 ovutika kupuma, 71 ankapulumuka ndi makinawa, pamene pa okosijeni yekha ankapulumuka 44.

Kuti njirazi zimagwira ntchito, anzathu anatsimikiza kale. Ine ndinkafuna kudziwa zomwe zimachitika pambuyo pake, ndipo yankho ndinalipeza kwa anthu amene ndikufuna kuwathokoza lero.

Poyamba ndi inu anamwino a ku nasale. Munandilola kukhala nanu pa ntchito ya usiku, nthawi zina muli nokhanokha pakati pa makanda odzaza wodi, ine n'kumakufunsani mafunso muli m'kati moyamwitsa mwana ndi kakapu. Simunandibisire kanthu. Ndinu munandionetsa kuti makina sasiyidwa chifukwa cha vuto lalikulu. Timachubu ta m'mphuno ta saizi yaing'ono tikatha, palibe amene waitanitsa tina chifukwa kale ankabweretsa ndi a pulojekiti. Sefa ya makina opangira okosijeni ikatsekeka ndi fumbi, makina onse aikidwa pakona n'kufunditsidwa nsalu. Magetsi akazima, jenereta ilipo koma dizilo palibe. Ndipo chopweteka kwambiri, namwino amene anaphunzira bwino kuika mwana pa makina asamutsidwira ku wodi ya abambo, m'malo mwake mwabwera wina amene sanawagwirepo ndipo akuwaopa. Pa ichi chokha ndilankhule mosapita m'mbali kwa a Metironi ndi akuluakulu a zipatala: kusinthasintha anamwino a ku nasale kumatitayitsa zambiri kuposa kusowa kwa ndalama, pamene kusiya mchitidwewu sikufuna tambala.

Kumene njirazi zinakhazikika ndinkapezako zinthu zosadzionetsera. Kuli Sisitala mmodzi wouma mutu amene amaphunzitsa aliyense wobwera kumene, pa bedi la mwana pomwepo, osadikira semina ya alawansi. Kuli kaundula wodzazidwa tsiku ndi tsiku amene anamwino eni ake amakhala pansi n'kumuwerenga mwezi ukatha, kufunsana kuti mwana uyu tinamutaya bwanji. Kulinso mkulu wa chipatala amene analowetsa timachubu tija mu bajeti ya boma ndalama za bungwe zisanathe. A Sisitala otere ndinakumana nawo angapo. Mayina sinditchula, monga tinapanganirana, koma mukudzidziwa. Mulungu akudalitseni.

Zikomo amisiri okonza makina a m'zipatala, a PAM. Anthu sakuonani, komatu mwana akapuma ndi makina amene atha zaka akugwira ntchito, ndi manja anu. Munandiphunzitsa kufunsa, chipangizo chatsopano chisanalandiridwe, kuti masipeya ake agulidwa kuti ndipo akonza ndani. Funsoli tsopano ndimalifunsa pa msonkhano uliwonse, ngakhale ena amandiona ngati wovuta.

Kwa amayi ndi magadiyani, mawu akundichepera. Njira ya kangaru timaitcha yotsika mtengo, koma amene amalipira ndinu. Mayi amakhala milungu m'chipatala mwana ali pachifuwa, akugona chokhala, kumunda kukuyanga tchire, ana ena ali kwa anansi. Akafuna kusamba, agogo kapena azakhali amalandira mwanayo. Akatuluka amayenera kubwera kusikelo pafupipafupi, ndipo ndalama ya kabaza sipezeka nthawi zonse. Ndinaonanso abambo ena akuvula malaya n'kumangirira mwana pachifuwa, anzawo akuwaseka pawindo. Kafukufuku wa 2021 amene Malawi anachita nawo limodzi ndi Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania anapeza kuti kuyamba kangaru mwana atangobadwa, osadikira kuti akhale kaye bwino, kumachepetsa imfa za makanda ochepa sikelo ndi 25 peresenti. Ndiye kuti mayi ayenera kukhala m'nasale momwemo, ndi bedi lake, chakudya chake ndi bafa lake. Zipatala zathu zambiri sizinamangidwe ndi maganizo amenewo, ndipo ndi ntchito imene ikutidikira.

Alangizi a zaumoyo amene munandiperekeza m'midzi kukaona ana otulutsidwa m'chipatala, nthawi zina tikukankha njinga m'matope, zikomo kwambiri.

Mabungwe othandiza, sindikukunyozani. Popanda inu makinawa sakadafika m'zipatala za m'maboma, ndipo maphunziro anga ena munalipira ndinu. Koma zomwe zinachitika kumayambiriro kwa 2025, pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri, zinaonetsa poyera zimene anamwino ankandiuza kalekale. Pempho langa ndi loti tsiku loyamba la pulojekiti tizikambirana za tsiku lomaliza.

Aphunzitsi anga amene munkandibwezera mitu ya kafukufuku itafiira ndi ndemanga, panthawiyo ndinkang'ung'udza, lero ndikuthokoza. Anzanga a kuntchito munandiphunzitsira makalasi ndili kutali. Ophunzira anga, mafunso anu ovuta anandinola.

Kunyumba ndiye ngongole ndi yaikulu. Bambo a kunyumba, munaphika, munachapa mayunifolomu a ana, munapita kumaliro ambiri nokha n'kumandipepesera. Apongozi anga, munasiya munda wanu kudzakhala ndi adzukulu pa nthawi imene ndinadwala n'kutsala pang'ono kusiya zonse. Ana anga, laputopu ija ndaitseka, tsopano mayi anu mwawapeza. Mayi anga ondibala sanafike pa tsikuli, koma ndi iwo anagulitsa mtedza ndi mbuzi kuti ndikayambe unamwino ku Kamuzu College of Nursing.

Ndisanapite nazo kwina kulikonse zotsatirazi, ndibwerera kaye m'zipatala zomwe ndinachitamo kafukufuku kuti eni ake azimve ndi kunditsutsa pamene ndaphonya. Ndikukonzanso chidule cha m'Chichewa cha amayi ndi makomiti a zipatala. Amene mwafunsa za mphatso, musavutike ndi maluwa kapena makeke. Bweretsani zitenje, tizipewa ndi timasokosi toluka ta makanda, ndikapereka ku wodi ya kangaru. Tsiku la mapemphero othokoza ndikudziwitsani tikagwirizana ndi a kumpingo.