Mukafika ku Shenyang musathere kunyumba ya mafumu, pitirirani ku Tiexi

Amalawi ambiri akati akupita ku China amatanthauza Guangzhou kapena Yiwu, kokaoda katundu. Shenyang ndi kwina kotheratu. Mzindawu uli kumpoto chakum'mawa, ndi likulu la chigawo cha Liaoning, ndipo mumakhala anthu oposa 9 miliyoni. Alendo ambiri amangoona nyumba ya mafumu, kujambulitsa, n'kubwerera ku Beijing tsiku lomwelo. Kutero n'kungoona mbali imodzi. Mafumu a mtundu wa Manchu anautchukitsa mzindawu, koma chinaukulitsa ndi chitsulo, ndipo mbiri ya chitsulocho ili kudera la Tiexi. Patulani masiku atatu.

Viza imatengedwa ku ofesi ya kazembe wa China ku Lilongwe. Ndege zambiri zimadzera ku Addis Ababa. Mukatera ku Beijing, sitima yothamanga yochokera pasiteshoni ya Beijing Chaoyang imafika ku Shenyang m'maola pafupifupi atatu. Matikiti amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 15, pa 12306 (tsamba la pa intaneti la kampani ya njanji ya ku China) kapena pa Trip.com. Tikiti yapepala palibe, pasipoti yanu ndiyo tikiti, choncho dzina ndi nambala zilembedwe ndendende momwe zilili m'pasipotimo. Chipata cha makina chikakana pasipoti, pitani kumzere wakumapeto komwe kumaima munthu. Chimene chimagwetsa anthu m'mavuto ndi masiteshoni: kuli Shenyang, Shenyang North, Shenyang South ndi Shenyang West, ndipo ndi otalikirana. Werengani dzina lonse musanayitane galimoto. Ofika pandege amatera pabwalo la Taoxian, makilomita pafupifupi 20 kumwera kwa mzinda.

Za foni muzikonzeretu muli kwanu. WhatsApp, Facebook ndi Google sizigwira pa intaneti ya ku China, koma zimagwira mukamagwiritsa ntchito simukhadi yakunja. Ikani Alipay kapena WeChat, mapulogalamu olipirira pafoni, mulumikize ndi khadi la Visa kapena Mastercard, ndipo muchite izi nambala yanu ikadali yolandira mauthenga, chifukwa banki imatumiza nambala yachinsinsi. Zogula zosapitirira mayuani 200 (ndalama ya ku China) sadula kanthu, zikapitirira amadulapo 3 peresenti. Mapu a Google amasocheretsa kumeneko, kadontho kamakuikani msewu wina, ndiye gwiritsani ntchito mapu a Amap. Pulagi yamano atatu yomwe timagwiritsa ntchito ku Malawi siilowa m'masoketi ambiri, tengani adaputa. Posungitsa malo ogona funsani ngati amalandira anthu akunja, popeza hotelo ndiyo imakulembetsani kupolisi. Mukagona kwa mnzanu, muyenera kukalembetsa nokha pasanathe maola 24.

Nyengo si yochita nayo masewera. Mu Januwale kumazizira kufika madigiri 20 pansi pa ziro usiku. M'nyumba mumatentha chifukwa mapaipi otenthetsera amayatsidwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndiye wovala chijuzi chimodzi chokhuthala amatuluka thukuta m'sitolo, akatuluka panja thukutalo limazizira pathupi. Valani zophatikiza zitatu zovulika mosavuta, chipewa chophimba makutu, magolovesi ndi nsapato zamphira wokhuthala wosaterera. Foni ikhale m'thumba lamkati, batire limatha mwadzidzidzi likazizidwa. Miyezi yabwino ndi Meyi, Seputembala ndi Okutobala, kupatula sabata yoyamba ya Okutobala pomwe dziko lonse limakhala patchuthi. Malo ambiri osungirako zinthu zakale amatseka Lolemba, ndipo pakhomo amafuna pasipoti.

Tsiku loyamba kwerani sitima yapansi panthaka, mzere woyamba, mutsikire pa Huaiyuanmen kapena Zhongjie, pafupi ndi nyumba ya mafumu. Mtengo umayambira pa mayuani awiri. Nurhaci, mfumu ya mtundu wa Manchu, anasamutsira likulu lake kuno mu 1625, mwana wake Hong Taiji anapitiriza kumanga, ndipo mu 1644 ufumu wawo wa Qing unasamukira ku Beijing. Nyumbayi ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya ku Beijing, koma ili ndi zinthu zomwe kumeneko simungazione. Kum'mawa kuli holo ya Dazheng yambali zisanu ndi zitatu, ndipo kutsogolo kwake kwandanda tinyumba khumi m'mizere iwiri, monga momwe mahema a akuluakulu ankhondo ankaimira pamsasa. Kenako kwerani masitepe odutsa pansi pa nsanja ya Phoenix mulowe m'nyumba ya Qingning. Muona mabedi a njerwa otchedwa kang ozungulira makoma atatu, omwe utsi wamoto unkadutsa pansi pake, miphika ikuluikulu yophikira nyama ya nsembe, ndi mtengo wautali pabwalo pomwe ankaikira akhwangwala chakudya. Chumuni chake chinamangidwa pansi kuseri kwa nyumba, osati padenga.

Kuchoka pamenepo ndi mtunda woyenda wapansi kukafika kunyumba ya Zhang Zuolin, mkulu wankhondo yemwe ankalamulira dera lonseli. Anamwalira mu Juni 1928 asilikali a Japan ataphulitsa sitima yake ku Huanggutun. Patatha zaka zitatu, pa 18 Seputembala 1931, asilikali omwewo anaphulitsa njanji ku Liutiaohu, n'kunamizira anthu a ku China, ndipo anatengerapo mwayi wolanda dera lonse la Manchuria. Pamalopo pali nyumba yachikumbutso ya 9.18, yolowa ulere. Zithunzi zina m'katimo n'zowawa kwambiri, ganizirani kaye ngati muli ndi ana. Pitaniko musanapite ku Tiexi, chifukwa mafakitale oyamba akuluakulu a ku Tiexi anamangidwa mu ulamuliro wa Japan umenewu.

Dzina loti Tiexi limatanthauza kumadzulo kwa njanji. Chipani cha Chikomyunizimu chitatenga boma mu 1949, derali linasanduka msana wa mafakitale a dziko: makina osulira zitsulo, mathiransifoma, mapampu, zingwe zamagetsi. Chizindikiro chachitsulo cha dziko chomwe chinapachikidwa pachipata cha Tiananmen mu 1951 chinaumbidwa kuno. Fakitale inkapatsa wantchito nyumba, chipatala, sukulu ya ana ndi penshoni. N'chifukwa chake pamene mafakitale aboma anayamba kugwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anthu sanangotaya malipiro okha. Mawu oti xiagang, kutsitsidwa pantchito, akadali owawa m'mabanja ambiri kuno, ndipo si nkhani yoyamba ndi nthabwala kwa dalaivala wachikulire. Kuyambira 2002 mafakitale anasamutsidwira kunja kwa mzinda chakumadzulo, malo akalewo n'kumangapo nyumba zosanjikizana. Mukangodutsa pagalimoto simudziwa kuti panali chiyani.

Apa ndi pomwe China Industrial Museum, malo osungirako mbiri ya mafakitale, imafunikira, ndipo mupiteko tsiku lachiwiri. Ili m'fakitale yakale yosungunulira chitsulo yomwe inazimitsa moto mu 2007, ndipo holo yake yaikulu anaisiya momwe inalili. Ng'anjo zazitali zikadali chiimire, makina onyamulira katundu akadali m'njanji zawo kudenga, ndipo pansi pali maenje a mchenga. Imani pamenepo mumvetse ntchito yake. Ankathira zidutswa zachitsulo, makala ndi miyala yalaimu kumwamba kwa ng'anjo, chitsulo chamadzi n'kutulukira pansi kulowa m'chidebe chachikulu. Chikombole chinkapangidwa ndi mchenga wotsenderedwa mozungulira chifaniziro chathabwa, monga woumba njerwa amachitira ndi dothi, koma apa mchenga ukanyowa mopitirira, nthunzi inkaboola chitsulo kapena kuchithovutsira kwa anthu. Pamafunika maola atatu. Njira yosavuta ndi takisi kapena Didi (pulogalamu yoitanira galimoto pafoni), ndipo muonetse dalaivala dzina lolembedwa m'Chitchaina, chifukwa dzina lachingerezi ambiri salidziwa. Mukatuluka pitani ku Gongrencun, mudzi wa antchito womwe unayamba kumangidwa mu 1952. Ndi nyumba za njerwa zofiira zosanja katatu, ndipo m'zina anakonzamo zipinda momwe zinkaonekera kale, mabanja angapo akuphikira m'khitchini imodzi. Chitsulo sichinathe mumzindawu: kampani ya BMW Brilliance imapanga magalimoto ku Tiexi ndi ku Dadong.

Madzulo idyani jijia, chigoba cha nkhuku chomwe achotsa minofu, miyendo ndi mapiko, chowotcha, chokazinga kapena chowiritsa. Chinali chakudya chotchipa cha antchito, ndipo mpaka pano amachidya ndi manja, pambali mbale ya ma noodles kapena mowa wa Snow. Ku Laobian, malo omwe anayamba mu 1829, kuli jiaozi, timitanda taufa tokutira nyama. Asilamu afunse malo odyera a Majia Shaomai. Ku Xita kuli zakudya za ku Korea. Mbale za kuno ndi zazikulu, anthu awiri mbale ziwiri zakwana, ndipo madzi apampopi musamwe osawiritsa.

Tsiku lachitatu kwerani mzere wachiwiri mutsikire pa Beiling Gongyuan, kumanda a Hong Taiji. Fikani m'mamawa, pomwe agogo opuma pantchito amadzaza pakiyo, ena akuvina, ena akulemba zilembo pansi ndi burashi yonyika m'madzi. Ngati mwabwera ndi maganizo a geni, msika wa Wu'ai ndi wa zovala ndi katundu wa pikulitsa, ndipo umayamba kukadali mdima, masana ambiri amakhala atatseka kale.