Za dzina la Neutron lija

Poti mwayamba kale kundiimbira foni n'kumati "wadzuka bwanji Neutron," bola ndifotokoze ndekha musanathiremo mchere wanu.

Inde, ndinakhula rula pamutu pamaso pa ana a Fomu 3 ndi bambo woyendera sukulu. Koma phunzirolo ndinaliyamba mwaukatswiri, zimenezo simukuzinena. Pabolodi ndinalemba za tizigawo ta atomu, kuti proton ili ndi chaji ya magetsi ya +1, electron −1, neutron ilibe. Ndinatchula J.J. Thomson amene anatulukira electron mu 1897, James Chadwick wa neutron mu 1932, mpaka kachaji ka electron imodzi, 1.6 × 10⁻¹⁹ coulomb (muyeso wa chaji), osayang'ana m'buku. Woyendera uja ankangogwedeza mutu kumbuyoko.

Matama ndi amene anandipweteka. Ndinati, "Tsopano muone ndi maso." Rula ya pulasitiki ukaikhula m'tsitsi imalanda ma electron, ndiye imakoka timapepala. Ndinang'amba timapepala patebulo, n'kukweza rula. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti dzulo lake ndinameta mpala kuti ndioneke bwino kwa alendo, ndipo mayi akunyumba anandipaka Vaseline wosaumira.

Wanzeru akanabwereka mutu wa mwana. Ine ndinakhula. Rula inkangotereka ngati mlamba m'matope. Ndikaisendeza patebulo, timapepala phee. Ndinakhulanso ndi manja awiri, thukuta kamukamu, mutu ukutentha moti ukanakazinga dzira. Kalasi yonse zii, kumangomveka kwiii, kwiii. Mwadzidzidzi kapepala kamodzi kananyamuka! Ana m'manja, ine chifuwa patsogolo. Kamtsikana ka kutsogolo kanasuzumira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kamatira mafuta."

Kenaka mnyamata wina, amene chaka chonse sanakwezepo mkono, anafunsa mwaulemu wonse: "Ndiye kuti mutu wanuwo ndi neutron?"

Dziwani kuti munali mu Januwale, mvula itangokata. Kukakhala chinyezi chaji imathawa msanga, ngakhale Thomson yemweyo akanachita manyazi m'kalasi muja. Komanso neutron mukuinyozayo si chigoba. M'kati mwake muli tizidutswa totchedwa ma quark: up quark imodzi ya +2/3 ndi ma down quark awiri a −1/3, kungoti zikaphatikizana zimapereka ziro. Zimenezi ndinazikumbukira usiku ndili pabedi.

Woyendera uja analemba kanthu m'kabuku kake, mapewa akugwedezeka. Rulayo inali yobwereka kwa aphunzitsi a masamu, ndipo akuti mpaka pano ikutererabe.