Eyepiece yoonera magalasi ali kumaso, ndi tsiku limene linandithera ku Kempton Park

Eyepiece yanga, kagalasi koikapo diso poyang'ana mu telesikopu, yafika, ili kale mu telesikopu, koma mtima sunatsike. Ndilembe ndikadali wokwiya chonchi, mwina wina wa kuno ku Joni apulumukirapo.

Telesikopu yanga ndi Dobsonian, mtundu wa kalilole woloza ndi manja, ya mainchesi 8. Focal length yake, mtunda umene kuwala kumayenda kuti kukumane pamodzi, ndi 1200mm, ndipo ndi f/6, kutanthauza focal length kugawa ndi kukula kwa kalilole. Inabwera ndi ma eyepiece awiri a mtundu wa Plössl, 25mm ndi 10mm. Ya 25 ilibe mlandu. Ya 10 ndiyo inkandizunza. Pa Plössl, eye relief, mpata wa pakati pa diso ndi galasi, imakhala pafupifupi magawo 7 mwa 10 a focal length yake, ndiye pa 10mm mpatawo ndi 7mm basi. Amene mumangovutika kuona patali mukhoza kuvula magalasi n'kupotokola focuser, kachitsulo kosinthira chithunzi kuti chioneke bwino, zimakonzeka. Ine ndili ndi astigmatism yaikulu, vuto la diso lopotoza chithunzi, ndipo imeneyo focuser siikonza. Ndikavala magalasi ndinkaona kachidutswa kokha, ngati ndikusuzumira pabowo la kiyi. Ndikavula, nyenyezi zonse zinkamera michira, nsidze n'kumapaka mafuta pagalasi. Mu June, ndi kuzizira kwa kuno, diso likayandikira chonchi galasi limachita nthunzi musanaone n'komwe mphete za Saturn.

Ngati mumavala magalasi, funani eye relief ya 20mm. Ena 17 imawakwana. Yochepera 15 musatayirepo ndalama.

Imene ndinkafuna, 12mm ya madigiri 60 (kukula kwa bwalo limene diso limaona), m'mashopu a kuno inali itatha, choncho ndinaitanitsa kunja. Ulendo wa ndege unalibe vuto. Itatera, ndinalandira SMS kuchokera ku kampani yonyamula katundu kuti phukusi laimitsidwa, ndidzaze fomu pa intaneti. Fomuyo ikufuna ID ya South Africa ya manambala 13. Ine ndili ndi pasipoti, yoyamba ndi zilembo. Fomu ikukana. Ndikaimba foni, nyimbo mpaka eyataimu kutha. Imelo ayi ndithu, zii.

Ndinapempha tsiku kuntchito, tsiku losalipidwa, n'kukwera Gautrain mpaka Rhodesfield, kenako Uber kupita ku depoti yawo ku Kempton Park. Pawindo panalibe munthu, akuti apita kukadya. Atabwera anandiuza kuti ndikadzaze fomu yomwe ija pa intaneti. Anandipulumutsa ndi bambo wina wa kwathu, woyendetsa forklift, amene anandimva ndikudandaula ndekha.

“Achimwene, musawapemphe fomu. Auzeni alowetse okha nambala ya pasipoti pa kompyuta yawo, amatha. Amangochita ulesi.”

Zinathekadi pompo. Kenako invoyisi. VAT ya 15 peresenti sindikutsutsa, ndi lamulo, ngakhale mudziwe kuti pa katundu wochokera kutsidya kwa nyanja amayamba awonjezera 10 peresenti pa mtengo wake asanawerengere VAT. Chimene chinandiwawa ndi mizere iwiri ya pansi: clearance, ndi storage. Storage! Kundilipiritsa masiku amene phukusi linagona chifukwa cha fomu yawo yomwe. Kanthu kokwana m'thumba la jekete. Ndinatulutsa khadi, akuti pawindo salandira khadi kapena kashi, ndilipire pa EFT, kutumiza ndalama kudzera ku banki, umboni nditumize ku imelo ija yosayankhidwa. Ofesi yoyankha imeloyo ili pamwamba, m'nyumba yomweyo, koma kukwera masitepe saloleza. Phukusi ndikuliona pa shelefu kuseri kwa mayiyo, dzina langa lolembedwa molakwika, koma kundipatsa ayi, liyenera kubwera pa galimoto yawo. Ndinabwerera chimanjamanja.

Ndadumpha chinthu chofunika. Ndisanaitanitse ndinapita kwa anthu a ASSA, bungwe la okonda zakuthambo la kuno, nthambi ya Johannesburg, amene ankakumana ku observatory yakale ija ya ku Observatory, komwe Robert Innes anatulukira nyenyezi ya Proxima Centauri mu 1915. Kumeneko anthu amakulolani kuika diso pa ma eyepiece awo, ndipo ndi kumene ndinadziwa kuti eye relief ikatalikitsanso ndi vuto lina. Diso likasuntha pang'ono chithunzi chimathima, kumangobwera mdima mbali iyi, mbali iyo. Ina yodula kwambiri inanditopetsa khosi pofuna kuima osagwedezeka. Imene ndinasankha ili ndi eyecup, kachikho ka pamwamba kotsamirapo diso, yopotokola, mumaikweza kapena kuitsitsa mpaka magalasi atatsamira bwino. Musagule musanaikepo diso lanu. Nkhope zimasiyana, mafelemu a magalasi amasiyana, ndipo galasi la eyepiece likalowa m'kati kwambiri, 20mm yolembedwa pa bokosi sifika yonse kwa inu.

Masamu ake ndi ochepa. 1200 kugawa ndi 12 ndi 100x, kukulitsa ka 100, zokwanira Jupiter ndi miyezi yake ikuluikulu inayi, gulu la nyenyezi la Jewel Box pafupi ndi Southern Cross, ngakhale gulu la Omega Centauri ngati magetsi a mzinda sanawalitse thambo kwambiri. Exit pupil, kukula kwa kuwala kotuluka mu eyepiece kulowa m'diso, ndi 12 kugawa ndi 6 wa f/6 uja, kutanthauza 2mm. Ikamachepa chonchi astigmatism yaing'ono siionekanso, ndiye ngati yanu si yaikulu yesani kuvula magalasi pa mphamvu zapamwamba, mwina simukufunika kugula kalikonse. Ma eyepiece a madigiri 82 amene anthu amawatama ndi okongola, koma ambiri mpata wake ndi waufupi kwa ife a magalasi, ndipo akuluakulu a mainchesi 2 amalemera mpaka mutu wa Dobsonian kumagwa wokha.

Njira yotchipa imene ndimauza aliyense pano: gulani Barlow ya 2x, galasi lowirikiza kawiri mphamvu ya eyepiece, kuno konkuno, muike pa Plössl ya 25mm yomwe muli nayo. Imagwira ngati 12.5mm, 96x pa telesikopu ngati yanga, ndipo mpata wa diso suchepa. Pezaninso mpando. Munthu atakhala pansi diso limakhazikika, mdima wothimathima uja umachepa.

Koma mukaumirira kuitanitsa kunja ndipo muli pa pasipoti, afunseni a kampaniyo phukusi lisananyamuke kuti fomu yawo imalandira pasipoti kapena ayi, akuyankheni polemba. Ndipo eye relief ikhale 20mm, mutaiyesa ndi magalasi anu omwe. Ya storage ija ndikuilondolabe, imelo sakuyankha.