Kutupa kwa tiziwalo ta malovu pambuyo pojambulidwa CT

Pa maphunziro anga a zachipatala kuno ku Salima, mutu umene wandikhazika pansi sabata ino ndi kutupa kwa tiziwalo topanga malovu, kumene kumabwera munthu akabayidwa mankhwala a ayodini, aja amalowetsedwa mumtsempha kuti ziwalo zioneke bwino pojambula CT, komwe ndi kujambula mkati mwa thupi ndi makina apadera. Madokotala amakutcha iodide mumps, kutanthauza matsagwidi a ayodini, ndipo Sussman ndi Miller ndiwo anayamba kulemba za vutoli mu 1956, ataliona pa odwala amene anajambulidwa njira ya mkodzo.

Pafupifupi mankhwala onsewa amatuluka ndi mkodzo, koma kagawo kochepa kamatulukira m'malovu, m'thukuta ndi m'misozi. Tiziwalo ta malovu timakoka ayodini m'magazi n'kumamuunjika, choncho impso zikakhala zofooka ayodiniyo amachedwa m'thupi, tinjira ta malovu timatupa mkati, ndipo chiwalo chonse chimafufuma. Ngakhale wa impso zabwino zimamuchitikira. Kawirikawiri timatupa ndi tapansi pa nsagwada, kenako tapafupi ndi makutu, nthawi zambiri mbali zonse ziwiri.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi nthawi yake, chifukwa kutupaku kumatha kuyamba patangopita mphindi zochepa kapena patatha masiku asanu. Odwala athu ofunika CT amatumizidwa ku Lilongwe, ku chipatala chachikulu cha Kamuzu, ndiye vutoli lingawapeze atabwerera kale kwawo ku Chipoka kapena ku Khombedza. Munthu akafika atagwira m'nsagwada, tonse timathamangira kuganiza za matsagwidi, ndipo n'zomveka, popeza katemera wa ana m'dziko muno ndi wa chikuku ndi rubella, wa matsagwidi mulibe. Koma kwa wamkulu wotupa chotere ndiyenera kutsegula kabuku kake ka kuchipatala ndi kufunsa kuti, "Bambo, kodi masiku apitawa anakujambulani atakubayani mankhwala?"

Ndisanamukhazike mtima pansi, ndiyenera kuona ngati akupuma bwino, ngati milomo ndi lilime sizinatupe, ndiponso ngati pakhungu palibe zidzolo, pakuti zimenezo zimaloza ku vuto lina loopsa lofuna chithandizo chamsangamsanga. Zikakhala kuti palibe, kutupaku kumaphwa kokha pakapita masiku ochepa, ndipo panado, kansalu konyika m'madzi ofunda ndi kuyeza impso n'zokwanira. Maantibayotiki pano n'kuwononga mankhwala chabe. Chotsala n'kulemba bwino m'kabuku muja, chifukwa kutupaku kumatha kubwereranso wodwala akadzabayidwanso mankhwala omwewo.