Tidzadye ngati anthu

Lachiwiri, 12 Novembala 2019, Kissimmee, Florida

Tulo tandikana. Ana anagona kalekale, bambo a Tadala akuliza mkonono ngati chigayo cha dizilo, koma ine ndidakali pa tebulo la kukhitchini ndi envulopu ya bilu ya magetsi yomwe ndaidetsa mbali zonse ndi manambala. Zonsezi chifukwa cha foni imodzi.

Alamu anga a ku South Bend, ku Indiana, achemwali awo a bambo a Tadala, anaimba madzulo ndikusenda anyezi. Foniyo ndinaipanira paphewa.

"Mayi a Tadala, matikiti a ndege tagula. Tikufika pa 23 Disembala, tidzabwerera pa 2 Januwale. Ana akungowerenga masiku, chisanu cha kuno chawatopetsa."

"Mwachita bwino alamu, tikudikirani."

"Koma tamverani. Paja inu muli ndi matikiti a chaka chonse a ku mapaki a zisangalalo a Disney aja eti? Mnzanga wina kuntchito wandiuza za khadi lina lake, akuti Tables in Wonderland. Ukakhala nalo amakuchotsera 20 peresenti pa chakudya, ndipo limakwanira anthu khumi. Ife sangatigulitse, tilibe tikiti ya chaka komanso sitikhala ku Florida. Koma inu atha kukugulitsani. Tagulani khadilo, ulendo uno tidzadye ngati anthu."

Ndinangoti ndamva alamu, tiona. Tinakamba zina, za mwana wawo wamkulu amene wayamba kuphunzira kuyendetsa galimoto, za maliro a ku Ntcheu, foni n'kudulidwa. Anyezi ndinamaliza, ndiwo zinapsa, tinadya. Koma mawu atatu aja anatsalira pakhosi ngati munga wa usipa. Tidzadye ngati anthu. Nanga ulendo wathawu tinadya ngati chiyani?

Ndikudziwa chomwe akunena. Atabwera zaka ziwiri zapitazo, ndinadzuka 4 koloko m'mawa kukazinga nkhuku, kuphika mpunga wa kilombero womwe ndinkausunga ngati golide, ndi mandasi odzaza kontena. Ku Disney saletsa kulowa ndi kamba wako, bola pasakhale mabotolo agalasi kapena mowa, ndipo madzi ozizira m'kapu amapereka ulele ukapempha pa malo ogulitsira zakudya zofulumira. Masana titatopa ku paki ya Magic Kingdom tinapeza benchi pamthunzi, ine n'kutsegula chikwama. Fungo la nkhuku linangoti guu. Ana anadya mpaka kunyambita zala. Alamu anadya, inde, ntchafu ziwiri ndithu, koma maso ali mwazumwazu ngati munthu amene akudya nyama yakuba. Mzungu wina wodutsa atati chakudyacho chikununkhira bwino, iwo anatembenuzira nkhope kumbali. Tsiku lomwelo sananene kanthu. Lero ndi pomwe anena.

Khadilo si lachilendo kwa ine, ndinalimvapo kale. Kwa ife a matikiti a chaka limagulidwa madola 150, kwa munthu wongokhala ku Florida wopanda tikiti ndi 175. Likakhala m'manja amakuchotsera 20 peresenti pa zakudya ndi zakumwa, mowa womwe, m'malesitilanti oposa 100 a m'mapaki ndi m'mahotela awo. Kumva kwake n'kokoma. Masamu oyamba ndi a Sitandade 5: kuti 150 yako ibwerere uyenera kudya za madola 750 m'chaka. Ukadutsa pamenepo ndiye wayamba kupindula. Ndinalemba 750 pa envulopu, n'kuizunguliza. Banja lathu la anthu anayi, limene limapita kumeneko ndi mandasi m'chikwama, lingadye za 750? Mwina alendo akabwera. Tilipo naini tikaphatikizana, ndipo kumeneko mwana akangokwanitsa zaka 10 amalipira ngati munthu wamkulu. Tadala ali ndi 11, amadya ngati mbalame, koma bilu imamuwerenga ngati bambo wandevu. Mwa anthu nainiwo, a mtengo wa ana ndi awiri okha, Chisomo wanga ndi chitsirizira cha alamu.

Bambo a Tadala anandipeza ndikulemba zimenezi, iwo akufuna tiyi.

"Mukuwerengera chiyani usiku uno?"

Ndinawafotokozera. Anatenga foni yanga, n'kuwerenga malamulo a khadilo akupukusa mutu, kenaka anaseka kaphwete kawo kaja ka munthu amene wagwira wakuba.

"Mwaona apa? Akuti ukagwiritsa ntchito khadili amawonjezera okha tipi ya woperekera zakudya ya 18 peresenti. Akupatsa 20 ndi dzanja ili, akulanda 18 ndi dzanja linali. Watsala ndi 2. Nkhani yatha, kagoneni."

"Ayi bambo a Tadala, si choncho. Tipi mukanapereka ndithu, khadi kaya palibe khadi. Kapena mumafuna muzithawa osasiya kanthu? Ndiponso gulu likakwana anthu sikisi amaiika okha kale, ngakhale mulibe khadi."

Anakhala chete pang'ono. Sakonda kugonja pa masamu, paja kwathu anali mphunzitsi.

"Ndiye mukutanthauza kuti tigule?"

"Sindinatero."

"Nanga mukuti chiyani?"

"Ndikuti chifukwa chanucho n'cholakwika, basi."

Anatenga tiyi wawo n'kupita, akung'ung'udza kuti akazi mukafuna chinthu mumachizungulira ngati nkhuku pa mtondo. Zinandipsetsa mtima, chifukwa sindikulifuna khadilo. Kapena ndikulifuna? Apa ndiye pamene pandisowetsa tulo.

Atachoka m'pamene ndinakumbukira chinthu chomwe tonse awiri tinachidumpha. Tikiti yathu ya chaka ija, yomwe timalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi monga amalolera anthu okhala ku Florida, ili nako kale kuchotsera kwake. M'malesitilanti ambiri a kumeneko ukangoonetsa tikitiyo amakuchotsera 10 peresenti pa chakudya, kupatula mowa. Ndiye kuti khadi la alamuli silikundipatsa 20 yatsopano ayi. Likungowonjezera 10 pamwamba pa 10 yomwe ndili nayo kale m'thumba. Ndinafufuta 750 ija n'kulemba 1,500. Ndinaiyang'ana nambalayo nthawi yaitali. Madola 1,500 a chakudya cha m'lesitilanti, chaka chimodzi, kuti ndingobweza ndalama yanga, phindu lisanayambe n'komwe.

Amene khadili limawakomera ndi akumwa. Botolo la vinyo kumeneko si masewera, ndipo 20 peresenti ya pa mowa tikiti ya chaka siipereka. Banja lomwa vinyo pa chakudya chilichonse, lopita sabata ndi sabata, khadilo likhoza kudzilipira lokha miyezi ingapo. Tsono ife? Bambo a Tadala ndi mkulu wa mpingo, chakumwa chawo chachikulu ndi Fanta. Alamu ndi a chigwirizano cha amayi. Amuna awo ndiwo amalawa pobisalira, koma pamaso pa akazi awo amaitanitsa madzi a mandimu. Ndigule khadi chifukwa cha botolo limodzi lomwe munthu adzamwere kuseri kwa galimoto?

Chinanso, malo ambiri a zakudya zofulumira, kumene ana amakonda kudya mabaga ndi tchipisi, khadili siligwirako, kupatula ochepa chabe. Limafuna malesitilanti okhala pansi, kusungitsa malo pasadakhale, kudikira woperekera zakudya. Ndiye kuti ukaligula umayamba kusintha kadyedwe kuti khadi lisapite pachabe. Ndimadzidziwa ine. Ndinagulapo khadi la ku jimu, ndipo mwezi woyamba ndinkapita ngakhale ndikudwala chimfine pofuna kubweza ndalama yanga. Kujimu bola, umangotaya thukuta. Uku kubweza ndalama ndi kutulutsa ndalama zina.

Komabe pali malo amodzi omwe mtima wanga umafooka nawo. Ku hotela yawo ya Animal Kingdom Lodge kuli lesitilanti dzina lake Boma. Tsiku loyamba kuona chikwangwanicho tinaseka mpaka misozi, bambo a Tadala akuti taonani, kuno boma limadyetsa anthu mpaka kukhuta. Ndi kodzitengera wekha, umabwereza mmene ungathere. Kuli bobotie ya ku South Africa, supu zosiyanasiyana, nyama yowotcha yomwe amakudulira pomwepo, ndi pap, imene ndi nsima yathu yomwe koma yofewa ngati ya wodwala. Kuli timaswiti tina ta chokoleti ta mizeremizere ngati mbidzi tomwe Chisomo anadya tisanu n'kudwala nato m'mimba. Tinapitako kamodzi kokha, pokumbukira zaka khumi za ukwati wathu, ndipo ndinasunga lisiti lake mu Baibulo mpaka inki inafufutika. Kunja kwa hotelayo akadyansonga ndi mbidzi zimangoyendayenda, usiku amasonkha moto pabwalo. Ndinaima pakhonde paja ndikumva fungo la utsi, misozi n'kulengeza, sindikudziwa chifukwa chake, poti kwathu ku Dedza sindinaonepo kadyansonga ndi kamodzi komwe.

Ndikufuna alamu adzaone kumeneko. Ndisaname. Ndikufuna adzakhale pa tebulo lija, ine n'kutulutsa khadi mwakachetechete, iwo n'kukafotokoza ku Indiana kuti mayi a Tadala zinthu zikuwayendera. Ndaliona khumbo limeneli mumtima mwanga usiku uno ndipo silinandisangalatse.

Tiyerekeze kuti chakudya cha madzulo cha anthu naini chafika madola 400, msonkho ndi tipi tisanaike. Khadi lichotsa 80. Kuti 150 ibwerere ndiye tidye chotero kawiri, zotsala pang'ono. Apa alamu akuoneka ngati akulondola. Koma matikiti athu a chaka akanachotsa kale gawo lina la 80 imeneyo popanda kugula kalikonse, ndiye phindu lenileni la khadi pa tebulo limenelo mwina ndi theka lake. Kudya kanayi kotero, madola 1,600, m'masiku khumi. Ndani ali ndi ndalama zimenezo? Ine ndimagwira mashifiti a usiku kusamalira okalamba, msana umachita kulira.

Kenaka ndinafika pa mndandanda wa masiku omwe khadi siligwira ntchito. Isitala, tsiku la anakubala, 4 Julaye, Thanksgiving, kenaka 24 ndi 25 Disembala, 31 Disembala ndi 1 Januwale. Ndinaseka ndekha kukhitchini kuno ngati wamisala. Alendo anga akufika pa 23, kunyamuka pa 2. Masiku anayi enieni omwe alamu akulota atavala bwino ali pa tebulo, ndi omwewo khadi lidzakhale likugona m'kachikwama. Sindikuwadandaula eni ake, malonda ndi malonda, masiku amenewo malo amadzaza okha popanda kunyengerera munthu. Koma mnzawo wa kuntchito uja izi sanawauze.

Ndikanatha kuima pomwepa, kuwatumizira alamu chithunzi cha mndandandawo pa WhatsApp, nkhani n'kutha mwaulemu. Ndinajambuladi. Sindinatumize.

Chifukwa pali mzere wina umene ndauwerenga katatu. Kuti anthu khumiwo achotseredwe, onse akhale pa bilu imodzi, ndipo wolipira akhale mwini khadi. Mwini khadi ndi ine. Ndiye kuti woperekera zakudya akabwera ndi kabuku kakuda kaja adzakaika patsogolo panga, ine n'kulipira zonse, kenaka ndiyambe kuyembekeza kuti alamu andibwezere gawo lawo. Ndani anayambapo watumizira achemwali a mwamuna wake uthenga woti paja pa chakudya chija mwatsala ndi 220? Pachibale pathu mawu amenewo satuluka. Adzati tikonza tikafika, ndipo adzakhala akunena zoona mumtima mwawo, koma Januwale ndi Januwale, fizi, inshuwalansi ya galimoto ya mwana uja, basi nkhani n'kuzilala. Bambo a Tadala ndikawakumbutsa adzati mlendo ndi mame, asiyeni. Iwowo anaphunzitsidwa sukulu ndi achemwali awowa, fizi ya ku sekondale yonse, ndiye pakamwa pawo m'pomangika. Panganso m'pomangika, chifukwa chaka chathu choyamba ku America tinagona m'chipinda chawo chapansi miyezi isanu ndi iwiri osalipira kobiri.

Kodi alamu anaziganizira zimenezi poimba foni? Sindikukhulupirira. Si munthu wachinyengo. Anangomva 20 peresenti n'kusangalala, monga ndinasangalalira ine nditamva koyamba. Koma mwina pansi pa mtima akudziwa kuti ngongole ya chipinda chija sinathe, ndipo sidzatha. Kaya. Mwina ndine amene ndikuiwerengabe ndekha.

Pafoni pali uthenga wa mawu wa amayi womwe unafika masana, sindinauyankhe. Akuti mitambo yayamba kuoneka, anzawo agula kale feteleza wokulitsa. Sanapemphe kanthu, amayi sapempha, amangokuuza za mitambo. Madola 150 panopa ndi ndalama yoposa K100,000. Sindikufuna kuika zinthu ziwirizi pa sikelo imodzi, chifukwa ndikayamba kutero ndiye kuti ngakhale ayisikilimu wa Chisomo ndidzamuwerengera m'matumba a feteleza, ndipo munthu sungakhale moyo wotero kunja kuno. Ndinayesapo, ndinkangokhala wokwiya. Koma envulopu ili apa, ndipo pakona pake dzanja langa lalemba lokha K100,000.

Mwina ndichite chonchi: Boma kamodzi, pa 27 kapena 28, popanda khadi, mabilu awiri, banja lililonse lake. Masiku enawo nkhuku ndi mpunga. Koma ndikawauza bwanji? Ndalemba uthenga kanayi. "Alamu, ndafufuza za khadi lija" n'kufufuta. "Alamu, zikuoneka kuti masiku a Khirisimasi" n'kufufutanso. Uliwonse ukumveka ngati ndikuti ndinu olemetsa.

Kilombero watsala theka la thumba. Sakwanira anthu naini kawiri. Firiji yayamba kulira kaphokoso kake kaja, ndipo 5 koloko ndiyenera kudzutsa Tadala, ali ndi mayeso a sayansi. Chithunzi chija chidakali pafoni, chosatumizidwa.