Chifukwa chake ndinatsimikiza zosavotera a Joe Biden mu 2024

Ndakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kwa zaka zambiri, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Tsiku lililonse ndimasambitsa ndi kudyetsa anthu amene ndimawaitana kuti agogo, choncho pasapezeke wina woganiza kuti zimene ndikulembazi zikuchokera mu mtima wonyoza imvi.

Usiku wa pa 27 June 2024 ndinali pa ntchito, ndipo mtsutso wa a Joe Biden, amene panthawiyo anali pulezidenti wa America, ndi a Donald Trump amene ankapikisana nawo pa chisankho, umene kanema ya CNN inakonza ku Atlanta, ndinauonera pa kanema wa m'chipinda chochezera, nditakhala pambali pa agogo ena aakazi amene akhala akuvotera chipani cha Democrat moyo wawo wonse. Pasanathe mphindi makumi awiri, a Biden anayamba kufotokoza za misonkho, kenaka anasokonekera, anaima kukamwa kuli yasa, n'kumaliza ndi mawu osonyeza ngati agonjetsa Medicare, ndondomeko ya boma imene imalipirira chithandizo cha kuchipatala cha okalamba omwewa. Agogo aja sanayankhule kanthu, anangotsitsa maso n'kuyamba kupinda kansalu kamene kanali pamiyendo pawo.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinabwera pambuyo pake, pamene a Biden ananena kuti mu ulamuliro wawo palibe msilikali wa America amene wafa kwina kulikonse. Kodi asilikali 13 amene anaphedwa ndi bomba pa chipata cha bwalo la ndege ku Kabul pa 26 August 2021, pa nthawi ya chipwirikiti chotuluka mu Afghanistan chimene iwo eni analamula, anali ana a yani? Nanga atatu aja amene anaphedwa ku Jordan mu January 2024? A Biden anapita iwo eni ku bwalo la ndege za asilikali la Dover kukalandira mabokosi a maliro a anyamata ndi atsikana amenewa, ndipo mkulu wa asilikali amene angaiwale zimenezi pamaso pa dziko lonse anali atasiya kukwanira pa mpando umene ankaupempha.

Zizindikiro zinalipo kale. Mu February 2024, a Robert Hur, amene anafufuza nkhani ya zikalata zachinsinsi za boma zimene zinapezeka kwa a Biden, analemba kuti a Biden sankakumbukira bwino zaka zimene anali wachiwiri kwa pulezidenti, ngakhalenso nthawi imene mwana wawo Beau anamwalira. Madzulo a tsiku limene lipotilo linatuluka, a Biden anaitana atolankhani kuti atsutse lipotilo, koma pomwepo anatchula a Sisi, pulezidenti wa Egypt, kuti ndi pulezidenti wa Mexico. Ife amene tinkadandaula tinkauzidwa kuti tikufalitsa makanema odulidwa mwachinyengo. Mtsutso utatha, a ku White House anati chinali chimfine, kenaka anati kunali kutopa ndi maulendo, chonsecho munthuyo anali atakhala pafupifupi sabata yathunthu ku Camp David, malo opumulirako pulezidenti, akukonzekera.

Ine ndimatsutsana ndi a Biden pa zambiri. Sindigwirizana nawo pa nkhani yochotsa mimba, ndipo sindinaiwale momwe mitengo ya zinthu inakwerera ndi 9.1 peresenti mu June 2022 poyerekeza ndi June 2021, pamene malipiro anga ankathera pa mafuta a galimoto ndi chakudya. Koma zimenezo ndi nkhani za mfundo, zimene anthu a maganizo abwino angasiyanepo. Nkhani ya mphamvu za m'mutu ndi ina, chifukwa pulezidenti wa America ndi yekhayo amene angalamule kuponya zida za nyukiliya, ndipo akadzutsidwa pakati pa usiku amakhala ndi mphindi zochepa chabe kuti aganize. Komatu a Biden anauza abwanamkubwa a chipani chawo kuti ayenera kugona mokwanira ndi kuchepetsa zochitika za usiku.

Ndikudziwa kuti panthawiyo a Trump nawonso anali ndi zaka 78 ndiponso zolakwa zawo, koma a Biden anali ndi zaka 81, ndipo ankapempha kuti akhale pampando mpaka January 2029, pamene akanakhala ndi zaka 86. Ku ntchito kwanga ndaona zimene zaka zinayi zimachita kwa munthu wa msinkhu umenewu. Ndinaona kuti kuwavotera pa chisankho cha pa 5 November 2024 kukanakhala kupereka dziko kwa alangizi amene sindikuwadziwa nkhope, kapena kwa a Kamala Harris, wachiwiri wawo panthawiyo, amene anasiya mpikisano wa upulezidenti mu December 2019 mavoti oyamba asanaponyedwe n'komwe.