Makina a Nozick ndi agogo anga a ku Mbare

Mu 1974, katswiri wa filosofi wa ku America, Robert Nozick, anafunsa funso lomwe limazunguzabe mitu ya ophunzira. Tiyerekeze kuti pali makina oti akawalumikiza ku ubongo wanu, mumamva chilichonse chimene mtima wanu umalakalaka, osadziwa n'komwe kuti n'zabodza. Mungalowemo mpaka kufa? Iye ankakhulupirira kuti ambiri angakane, ndipo kukanako kukusonyeza kuti moyo wabwino si kungomva kukoma m'mutu.

Funsoli ndinawafunsa agogo titaweruka ku CCAP. Iwo anabwera kuno ku Harare, ku Zimbabwe, ali mnyamata, nthawi ya chitaganya, mzinda uno ukutchedwa Salisbury. Anaphikira azungu mpaka kukalamba, ndipo kumudzi amawawerengera m'gulu la matchona.

"Agogo, makinawa angakubwezereni ku Dedza. Mayi anu ali moyo, nkhokwe yadzaza."

"Nanga mnzanga wa m'bungwe lathu la maliro akamwalira ku Mufakose, akamuika ndani?"

Aristotle, katswiri wa filosofi wakalekale wa ku Greece, akanagwirizana nawo. Kwa iye chimwemwe chili m'zochita za munthu wamakhalidwe abwino, ndipo chimayezedwa pa moyo wonse, osati tsiku limodzi. Munthu wogona m'makina sachita kanthu, saika maliro, salera mwana.

Koma ine yankho lawo silinandikhutiritse, ndiye ndinalitembenuza funsolo. "Bwanji atakuuzani kuti Mbare yomwe mwakhalamoyi ndiye makinawo, ndipo moyo weniweni ukukudikirani kwina, mungatuluke?" Anati ayi, ana awo ali konkuno. Ndinawakumbutsa za 2008, mashelefu a m'masitolo ali mbee, ndi ndalama ija ya madola 100 thiliyoni yomwe inatuluka mu 2009. Anakanabe.

Apa mpamene ndimakayikira mfundo ya Nozick. Poyamba agogo anakana kusiya zenizeni kupita ku zabodza. Kachiwiri anakana kusiya zabodza kupita ku zenizeni. Ndiye chimene akukakamira si choonadi ayi, ndi anthu amene anawazolowera, kaya ndi enieni kaya ayi. Kukana makina pakokha sikukwanira kukhala umboni wa zimene Nozick ankafuna kutsimikiza.

Nditawafotokozera zimenezi, agogo anati mafunso onse awiriwo ndi a anthu osowa chochita, ndipo anandituma kukagula tomato ku Mbare Musika.